Kompyuta ikati ndaba, ndiye kuti ndabadi?

Funso: Akonzi, ndimagwira ntchito pa kauntala m'sitolo ina. Kawiri tsopano kompyuta yaonetsa shoti ndipo abwana andidula malipiro, chonsecho sindinatenge ngakhale tambala. Iwo akuti makina sanama. Kodi n'zoona? — Mayi wodandaula, Limbe

Yankho: Pepani mayi. Abwana anuwo akulakwitsa. Mapulogalamu a kompyuta amalembedwa ndi anthu, ndipo munthu akaphonyetsa polemba, makina amangotsatira.

Mu 1999 bungwe la Post Office ku Britain linayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yowerengera ndalama yotchedwa Horizon, yomwe inali m'manja mwa kampani ya Fujitsu. Posakhalitsa oyang'anira mapositi ang'onoang'ono anayamba kuona shoti osadziwa kochokera. Ena ankachezera usiku ndi malisiti, kuwerenga mobwerezabwereza, m'mawa n'kupeza ngongole yakula. Akadandaula ankauzidwa kuti vutoli ndi lawo okha. Ambiri anakwirira dzenjelo ndi ndalama za m'thumba mwawo, ena mpaka kutaya nyumba.

Pofika 2015, anthu oposa 900 anali atapezeka olakwa m'makhoti. Mmodzi mwa iwo, Seema Misra, anaponyedwa m'ndende mu 2010 ali woyembekezera. Ena anadzipha.

Zoona zinatulukira mu 2019, pamlandu umene Alan Bates anatsogolera gulu la oyang'anira mapositi anzake 555 kusumira Post Office. Khoti lalikulu ku London linapeza kuti Horizon inali ndi zolakwika zambiri, komanso kuti ogwira ntchito ku Fujitsu ankatha kusintha manambala a positi ali kutali, mwini wake osadziwa. Mu 2024 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lofafaniza milandu ya anthu opezeka olakwa aja.

Chondipweteka pankhaniyi n'chakuti madandaulo ankafika kwa akuluakulu chaka ndi chaka, koma iwo anasankha kuteteza dzina la makina awo, osati anthu awo. Tchimo lagona pamenepo. Woika kompyuta pantchito ali ndi udindo woifufuza isanamangitse munthu.

Sindikunena kuti ya m'sitolo mwanuyo ndi yowonongeka ayi, koma kuti ifufuzidwe. Funsani kuti ndani winanso amalowa ndi pasiwedi yanu, ndani ali ndi mphamvu yofufuta zomwe zagulitsidwa. Poweruka muziwerenga ndalama pamaso pa mboni, nonse musainire, ndipo muzilemba m'kope lanulanu. Funsaninso anzanu ngati nawo zikuwachitikira. Musasaine chikalata chovomera kuba. Abwana akakana kufufuza, pitani ndi kope lanulo ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu.