Pulinta ndi fulashi zikakana kompyuta itadzuka, musathamangire kugula zina

Amalonda a pa Lifuwu masiku ano sadalira mpunga ndi usipa wokha. Alipo ena amene mpamba wawo wonse uli pa laputopu imodzi. Amaika nyimbo ndi mafilimu m'mafulashi ndi m'mamemori khadi a asodzi, amataipa ndi kusindikiza makalata ofunsira ntchito, ndipo alembi a magulu a alimi a mpunga amasungamo maina a mamembala ndi matumba amene aliyense wapereka. Sabata ino tikambirane za vuto limene likuwadyera ndalama anthu otere.

Vutolo limabwera motere. Magetsi azima, batire latha, laputopu yathima yokha. Magetsi akabwera inu n'kuyatsa, zonse zimene munasiya pa sikirini zikubwerera bwinobwino, koma pulinta siikuyankha, mausi yauma, fulashi ya kasitomala siikuoneka. Ambiri amangoti mabowo a USB apsa, n'kukwera kabaza kukafuna amisiri ku Kamuzu Road. Nthawi zambiri palibe chimene chapsa.

Tiyerekeze kuti mumasindikiza masamba 40 patsiku pa K300 tsamba limodzi. Tsiku limodzi lotseka ndi K12,000 yapita, osawerengera thiransipoti yopita ndi kubwera, ya mmisiri, ndi makasitomala amene azolowera kwa mnzanu.

Chimene chimachitika m'kati

Kompyuta ya Windows imapuma m'njira zitatu. Pa Sleep imangowodzera, ikudyabe batire pang'ono. Pa Shut down imatseka ntchito zanu zonse. Pa Hibernate imalemba zonse zimene zinali m'mutu mwake mu fayilo yotchedwa hiberfil.sys, kenako n'kuthimiratu. Malaputopu ambiri adakonzedwa kuti batire likatsala pang'ono kutheratu azilowa okha mu Hibernate, ntchito yanu isatayike.

N'chifukwa chake vutoli ndi lofala kwathu kuno. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuthima kwa magetsi kudanyanya. Ngakhale Salima ali ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene adatsegulidwa mu 2021, magetsiwo amalowa mu nthambo za dziko lonse, sasungidwira ife tokha. Laputopu ya wamalonda imatha kulowa mu Hibernate kangapo pa sabata mwini wake osadziwa.

Hibernate ili ngati wogulitsa pamsika amene madzulo amalemba m'kope momwe adayalira katundu, m'mawa n'kuyala motsatira kopelo osayang'ananso pabenchi. Ngati wina adasuntha kanthu usiku, kope ndi benchi sizigwirizana. Kompyuta ikathima, magetsi a m'mabowo a USB amaduka ndipo pulinta kapena fulashi imaiwala zimene idagwirizana ndi kompyutayo. Podzuka, kapulogalamu koyendetsa chipangizocho, kamene amisiri amati driver, kamayenera kuyambitsanso mgwirizanowo. Kakalephera, chipangizo chimakhala chili cholumikiza koma chosalankhula.

Yambani ndi zaulere

Choyamba, sungani ntchito yanu n'kusankha Restart, osati Shut down. Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Kuyambira pa Windows 8 ya mu 2012, Microsoft idaika njira yotchedwa Fast Startup. Ikakhala yoyatsa, Shut down siitseka zonse ayi, imasunga mbali ina ya Windows pamodzi ndi madriver mu fayilo ya Hibernate ija. Ndiye mukathimitsa n'kuyatsanso, vuto lomwe lija limadzukanso. Restart ndiyo imayamba zonse mwatsopano. Njira ina ndi kugwira batani la Shift kwinaku mukusankha Shut down.

Chachiwiri, zulani chipangizocho, dikirani pang'ono, n'kulowetsanso. Pulinta muithimitsenso pasoketi isanabwezeredwe. Yesetsani kuibwezera pa bowo lake la masiku onse, chifukwa mukasintha bowo, Windows nthawi zina imalemba pulinta yachiwiri ya dzina lomwelo yokhala ndi mawu akuti Copy 1 kumapeto. Inu mumakhala mukutumiza ntchito ku dzina lakale, pepala osatuluka.

Chachitatu, zikakanikabe, thimitsani laputopu, zulani chaja ndi zonse zolumikiza, chotsani batire ngati ndi lochotseka, ndipo dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 30. Izi zimachotsa magetsi otsalira m'kati ndipo mabowo amene adauma nthawi zambiri amatsitsimuka.

Kutseka vutoli kuti lisabwerenso

Pali malo atatu oti musinthe, ndipo onse ndi a mphindi zochepa.

Malo oyamba: dinikizani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani devmgmt.msc, dinani Enter. Pa mndandanda umene ubwere, tsegulani Universal Serial Bus controllers. Pa mzere uliwonse wa USB Root Hub kapena Generic USB Hub, dinani kawiri, pitani pa Power Management, chotsani kachongi pa mawu akuti Allow the computer to turn off this device to save power. Mawuwa amaloleza kompyuta kudula magetsi a bowolo pofuna kusunga batire. Mukaona mzere wokhala ndi chizindikiro chachikasu kapena wolembedwa Unknown USB Device, sankhani Uninstall device kenako Restart. Windows iubwezeretsa yokha.

Malo achiwiri: pitani ku Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings. Pezani USB settings, tsegulani USB selective suspend setting, ikani Disabled pa On battery ndi pa Plugged in pomwe. Malaputopu ena atsopano saonetsa mzerewu, choncho mukausowa ingodumphani.

Malo achitatu: mu Power Options momwemo sankhani Choose what the power buttons do, kenako Change settings that are currently unavailable, chotsani kachongi pa Turn on fast startup, n'kudina Save changes. Kompyuta izichedwako pang'ono poyaka, koma izidzuka ndi mutu wabwino.

Dziwani kuti kusintha koyamba ndi kwachiwiri kumadyako batire pang'ono. Kwa wogwira ntchito ndi sola yaing'ono, ndi bwino kuzula mausi ndi dongle pamene sizikugwira ntchito.

Amisiri ena amalangiza kuchotseratu Hibernate polemba powercfg /h off. N'zoona kuti vutoli limatha, koma kwa ife a magetsi othimathima ndi kuotcha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Popanda Hibernate, batire likatha kalata ya kasitomala imene simudasunge imapita yonse. Isiyeni, pokhapokha njira zina zonse zitakanika.

Zikapitirirabe, pitani pa tsamba la intaneti la kampani imene idapanga laputopu yanu, kaya ndi HP, Dell kapena Lenovo, lembani nambala ya mtundu wake imene ili pansi pa laputopuyo, mutenge madriver a chipset ndi USB. Pewani mapulogalamu a dzina losadziwika olonjeza kukonza madriver onse nthawi imodzi.

Bowo limodzi si ngolo

Bowo la USB limatulutsa mavoti 5. La mtundu wa USB 2.0, umene udabwera mu 2000, limapereka mamiliampu 500. La USB 3.0 wa mu 2008, limene kawirikawiri m'kati mwake ndi mobiriwira ngati thambo, limapereka 900. Mukalumikiza kabokosi kogawa mabowo n'kudzazapo pulinta, hard disk ndi mafoni awiri a makasitomala ofuna kutchaja, zonsezo zikulimbirana magetsi a bowo limodzi, makamaka nthawi imene kompyuta ikudzuka. Hard disk ilowe pa bowo lakelake la USB 3.0. Mafoni atchajidwe pasoketi. Ngati zipangizo zanu ndi zambiri, gulani kabokosi kokhala ndi chaja chakechake.

Samalani katundu wa kasitomala

Choopsa kwambiri si kutaya tsiku, ndi kutaya mbiri yabwino. Kompyuta ikathima ili pakati polemba mu fulashi, kapena fulashi ikazulidwa kompyuta ili mu Hibernate, mafayilo amatha kusokonekera. Mukadzailowetsanso, Windows imafunsa ngati mukufuna kuchita Format. Musavomere. Format imafufuta zonse, zithunzi za ukwati ndi kaundula wa ngongole za feteleza pamodzi. Dinani Cancel, yesani pa kompyuta ina, ndipo mafayilo akaoneka akopereni kwina musanachite china chilichonse.

Chenjezo la batire likangotuluka, kawirikawiri pa 10 peresenti, siyani kukopera, sungani ntchito, chotsani fulashi kudzera pa Eject, mum'patse mwini wake. Kasitomala wouzidwa kuti abwerenso magetsi akayaka amabweradi, koma amene mwamufufutira zithunzi amakauza gombe lonse.

Mudziwa bwanji kuti chaonongekadi?

Yesani chipangizocho pa kompyuta ya mnzanu. Chikakananso kumeneko, vuto ndi chipangizo kapena chingwe chake, ndipo chingwe cha pulinta n'chotsika mtengo kuyerekeza ndi pulinta, choncho yambani kusintha chimenecho. Chikagwira, yesani mabowo anu onse mutachita Restart. Ngati bowo limodzi lokha ndilo likukana chilichonse, liunikeni ndi tochi. Kunyanja kuno mwera umauluza mchenga ndipo chinyontho chimabweretsa dzimbiri. Thimitsani kompyuta, sesani ndi kaburashi kouma, osalowetsamo singano kapena waya. Kalilime ka m'kati kakathyoka kapena bowo likamagwedera, pamenepo ndiye pofunika mmisiri, ndipo mumuuze zonse zimene mwayesa kale kuti asakulipiritseni ntchito imene mwagwira nokha.

Kwa ofuna kugula laputopu

Ndalama za mpunga zikalowa, ambiri amapita ku Salima kapena ku Lilongwe kukagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito. Nyamulani fulashi ndi mausi yanu. Musanalipire, lumikizani zonse ziwiri, dinikizani Windows ndi R, lembani shutdown /h, dinani Enter. Kompyuta ilowa mu Hibernate. Iyatseninso muone ngati zonse zadzuka, ndipo yesani bowo lililonse. Wogulitsa akamakufulumizitsani, kumbukirani kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Bowo lakufa likapezeka muli pomwepo ndi chifukwa chotsitsira mtengo, koma likapezeka mutafika kale ku Lifuwu ndi lanu.