Zimene Makoswe Anatiphunzitsa za Kuthamanga kwa Magazi

Amayi, inu mumandidziwa ngati mdani wa makoswe. Ndikamayendera midzi ndi misika ndimakuuzani kuti muvundikire chakudya, mutseke mauna ndi kutchera misampha, ndipo mau amenewo sindikuwabweza. Koma lero, pamene mukudikira kuti mwana akwere sikelo, ndifuna kukufotokozerani za makoswe ena, oyera, amene akatswiri amaweta kuti aphunzirepo za matenda a anthu. Makoswe amenewa anatithandiza kumvetsa nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene ambiri amaitcha BP.

Poyamba tiyeni tione m'mene thupi limagwirira ntchito. Mtima umapopa magazi ndi kuwatumiza m'mitsempha. Mitsempha ya magaziyi imatha kufutukuka kapena kufinyika. Palinso mitsempha ina, yopyapyala ngati ulusi, imene simuyenda magazi koma mauthenga. Ina mwa iyo imachokera kumsana ndi kupita kumtima, kuimpso ndi kumitsempha ya magazi, ndipo imagwira ntchito popanda ife kuilamula. Mukaona njoka pafupi ndi mwana, mtima umagunda msanga ndipo m'manja mumatuluka thukuta musanaganize n'komwe chochita. Imeneyo ndi ntchito ya mitsempha ya mauthengayi. Imatulutsa mankhwala a m'thupi otchedwa noradrenaline, mitsempha ya magazi nkufinyika, magazi nkuyamba kukankha mwamphamvu, monga amachitira madzi mukafinya paipi kumapeto. Pa ngozi zimenezi n'zothandiza. Koma zikamachitika usana ndi usiku kwa zaka zambiri, mtima, impso ndi ubongo zimaonongeka.

Madokotala anaganizira kalekale kuti mitsempha imeneyi ikukhudzidwa ndi nthendayi. M'zaka za m'ma 1940, mankhwala abwino asanapezeke, dokotala wina wa ku Boston, dzina lake Reginald Smithwick, ankachita opaleshoni yodula mitsemphayi kwa odwala kwambiri. Ambiri magazi anatsika, koma ena ankamva chizungulire akaimirira, chifukwa thupi silinkathanso kufinya mitsempha kuti magazi akwere kumutu.

Mu 1963, ku Kyoto m'dziko la Japan, akatswiri awiri, Okamoto ndi Aoki, analengeza kuti apeza mtundu wa makoswe odwala nthendayi mwachibadwa. Anasankha makoswe amene magazi ao ankathamanga kwambiri, nawakweretsa okhaokha mibadwo ingapo, kufikira ana onse ankadwala. Khoswe wotere amabadwa ali bwino, koma pakatha milungu isanu kapena isanu ndi umodzi magazi amayamba kukwera, ndipo akakula amafika pa 180 kapena 200.

Kenaka m'zaka za 1967 ndi 1968, ku Basel m'dziko la Switzerland, Thoenen ndi Tranzer anaonetsa kuti mankhwala otchedwa 6-hydroxydopamine amaononga nsonga za mitsempha ya mauthengayi popanda mpeni. Kagwiridwe kake ka ntchito ndi konga nyambo. Mankhwalawa amafanana ndi noradrenaline, kotero mtsempha umawameza wokha poyesa kuti ndi zake, ndipo akalowa amauononga kuchokera m'kati. Pambuyo pake zinadziwikanso kuti guanethidine, mankhwala amene kale ankapatsa anthu odwala BP, amapha mitsempha yomweyi akaperekedwa ochuluka kwa makoswe akhanda.

Tsono apa mpamene pali phunziro. Khoswe wamkulu, amene nthenda inamukhazikika kale, akabayidwa mankhwalawa magazi amatsika kwa kanthawi chabe. Nsonga za mitsempha zimaphukanso ngati chitsa, ndipo tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timachulukitsa ntchito kuti titseke mpata. Koma akatswiri a ku Canada mu 1987 anaononga mitsemphayi makoswe atangobadwa kumene, ndipo makoswewo anakula magazi osakwera monga a anzao. Makoma a mitsempha yao ya magazi sanakhuthale ngati a makoswe odwala. Izi zinaonetsa kuti mitsempha ya mauthenga imaumba mitsempha ya magazi nyama ikadali yaing'ono, ndipo nthenda ikaonekera poyera imakhala itayenda kale mtunda wautali mwakachetechete.

Musandimve molakwa. Khoswe si munthu, ndipo palibe dokotala amene angaononge mitsempha ya mwana kuti apewe BP. Mitsemphayo ndi yofunika pa moyo. Chimene madokotala amachita ndi kuchepetsa ukali wake. Mapiritsi a methyldopa, amene amayi ambiri oyembekezera amalandira kusikelo, amagwira ntchito mu ubongo kuti mauthenga ofinya mitsempha achepe. N'chifukwa chake ena akamamwa amamva tulo kapena chizungulire podzuka. Dzukani pang'onopang'ono, khalani kaye pamphasa kapena pabedi, ndipo muwauze anamwino. Musaleke kumwa pa inu nokha, ngakhale mukumva bwino. Mapiritsiwa saononga mitsempha, amangoiziziritsa, ndipo mukawasiya imayambiranso ntchito yake. Mukabereka, a dokotala angathe kukusinthirani mankhwala.

Pali makoswe enanso amene nkhani yao ikufika pa mphika wanu. Lewis Dahl, dokotala wa ku Brookhaven m'dera la New York, mu 1962 anapatula mitundu iwiri ya makoswe. Ena akadya mchere wambiri magazi ankakwera, ena ayi. Pambuyo pake anadyetsa makoswe osapirira mcherewo chakudya cha makanda cha m'mabotolo, chimene masiku amenewo ankathiramo mchere, ndipo makoswewo anadwala, ena nafa. Anthu nafenso timasiyana chomwecho, koma simungadziwe poyang'ana nkhope kuti mwana wanu ali mbali iti. Kotero phala la mwana wosakwana chaka musathiremo mchere. Thiranimo nsinjiro, mafuta pang'ono kapena dzira. Impso zake n'zanthete, ndipo lilime lake silinazolowere mchere. Amene amamva kuti phala lazizira mkamwa ndinu olawa, osati iye. Munthu wamkulu, malinga ndi bungwe la World Health Organization, asafike magalamu 5 pa tsiku, kumene kuli ngati kasupuni ka tiyi kamodzi. Muwerengere pamodzi mchere wa m'nsomba zokoleza, soda wa m'therere ndi timibulu tokometsera ndiwo ta m'sitolo. Mchere umene mukugwiritsa ntchitowo ukhale wa ayodini.

Ndaona amayi ambiri akuyenda mtunda wautali mwezi ndi mwezi kudzayezetsa mwana, iwo eni osatambasula mkono kuti ayezedwe. Nthendayi kawirikawiri simva kuwawa. Kuyeza sikutenga nthawi, ndipo nambala ikafika 140 pamwamba kapena 90 pansi, mobwerezabwereza, muyenera kuonana ndi a dokotala. Makamaka inu amene mayi kapena bambo anu anali nayo, kapena amene magazi anakwera pa mimba yapita, pemphani kuti akuyezeni lero lomwe. Abambo a kunyumba nawonso muwauze abwere.

Ngati muli ndi pakati popitirira miyezi isanu, kapena mwabereka m'milungu isanu ndi umodzi yapitayi, ndipo mukumva mutu waukulu wosaleka, mukuona zinthu mwachimbuuzi kapena ngati nyenyezi, nkhope ndi manja zatupa, kapena mukumva kupweteka pansi pa nthiti chakumanja, musadikire tsiku la sikelo. Pezani wokuperekezani, tengani buku lanu la kuchipatala, mupite nthawi yomweyo ngakhale uli usiku.