Tiphunzire Sayansi: Puresha mu Kompuresa

Anzanga a Fomu 2, mutu wa puresha usatiopse. Ineyo ndinaumvetsa bwino pa Migowi, pomwe amalume anga amamata matayala.

Kompuresa imakoka mpweya n'kuupanikiza m'thanki yachitsulo. Mpweya wambiri ukakhala pamalo ochepa umakankha chitsulocho mwamphamvu, ndipo kukankhako ndiye puresha. Robert Boyle anafotokoza mu 1662 kuti malo akachepa ndi theka, puresha imawirikiza kawiri, bola kutentha kusasinthe.

Amalume samasewera ndi zinthu zinayi izi:

1. Geji. Imaonetsa puresha mu bar kapena psi. Bar imodzi ndi pafupifupi 14.5 psi. Tayala la galimoto yaing'ono limafuna 2 bar kapena kuposerako pang'ono.

2. Switchi. Imazimitsa injini puresha ikakwana, n'kuiyatsanso ikatsika.

3. Valavu yotetezera. Imatulutsa mpweya switchi ikalephera. Ikamalira osaimanga ndi waya ayi, thanki itha kuphulika n'kupha munthu.

4. Kampopi kapansi. Mpweya umakhala ndi chinyezi, ndiye madzi amasonkhana m'thanki. Amalume amawakhetsa madzulo aliwonse, apo ayi dzimbiri limadya chitsulo.

Kutentha nakonso kumakweza puresha. Mu Okutobala ndinapopa njinga yanga mpaka gwa, kumangodina ndi chala basi. Dzuwa lili phwe, chubu chinangoti phu! Ndinaikankha mpaka kunyumba, tayala n'kugulanso lina. Amalume anangoti, “Chala si geji, mphwanga.”

Funso la sabata ino: mpweya wa malita 10 pa 2 bar taupanikiza kufika malita 5. Puresha ikhala zingati?