Kachilombo kobadwa popanda bambo

Mukamadutsa m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo, munaonapo kamtengo kouma kakuyenda kokha? Si kamtengo ayi, ndi kachilombo kotchedwa stick insect.

Mitundu ina ya tizilomboti ndi haibulidi. Ku Sicily, ku Italy, Bacillus rossius anakwerana ndi Bacillus grandii, n'kubadwa mtundu watsopano, Bacillus whitei. Mtunduwu ndi wa tatikazi tokhatokha. Mazira amaswa popanda kamphongo, ngati mmene tiyi amachulukira pobzala tinthambi todula.

Nanga makolo ake timawadziwa bwanji? Maso okha atha kukunamizani, chifukwa mwana amafanako ndi mbali zonse. Asayansi amayeza DNA. Ya mu nyukiliyasi imachokera kwa makolo onse awiri, pomwe ya mu mitochondria imachokera kwa mayi yekha. Ya whitei inaulula kuti mayi woyambayo anali rossius, bambo grandii.