Canva: chida chokonzera zipangizo zophunzitsira

Kwa aphunzitsi a ku pulayimale ndi ku sekondale

Canva ndi pulogalamu ya pa intaneti yokonzera matchati, makadi a mawu, mapepala a ntchito za ophunzira ndi masatifiketi. Inayamba mu 2013 ku Australia, ndipo mmodzi mwa amene anaiyambitsa ndi Melanie Perkins. Sifuna kuti muike chilichonse pa kompyuta. Tsegulani browser, kaya Chrome, Firefox kapena Edge, lembani canva.com, mulembetse ndi imelo yanu. Pa foni imathekanso, koma zala zimavutika kusuntha tinthu ting'onoting'ono.

Zambiri za mmenemo ndi zaulere. Chithunzi chokhala ndi kachisoti kachifumu pakona n'cholipira, ingochidumphani. Palinso Canva for Education, yomwe aphunzitsi amapatsidwa mwaulere akaonetsa umboni woti akuphunzitsadi.

Yambani ndi kukula kwa pepala

Musanasankhe mtundu kapena chithunzi, sankhani A4, pepala la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, lomwe makina ambiri osindikizira amagwiritsa ntchito. Mukakonzera pa kukula kwina, posindikiza mawu amaduka m'mbali kapena amachepa kwambiri.

Ganizirani mwana wa kumbuyo

Apa ndi pamene pagona nkhani. Canva ili ndi mapepala okonzeratu ochuluka zedi, okongola, odzaza mitundu, ndipo munthu amakopeka nawo msanga. Koma pepala lanu silikaonedwa pa sikirini. Likasindikizidwa loyera ndi lakuda, mwina pa makina a fotokope otopa, kenako likamatidwa pakhoma m'kalasi yodzaza ana, ena atakhala kutali, kuwala kuli kochepa. Mawu achikasu pa pepala lobiriwira amatuluka otuwa okhaokha. Pepala lakuda kumbuyo limadya inki pachabe, ndipo ndalama yake nthawi zambiri imachoka m'thumba mwa mphunzitsi.

Tsono lembani zilembo zakuda pa pepala loyera. Khadi la sitandade 1 likhale ndi liwu limodzi, lalikulu, ndi chithunzi chimodzi. Sankhani font yomwe "a" ndi "g" wake akufanana ndi mmene ana akuphunzirira kulemba pamanja, chifukwa zilembo zokhotakhota zimasokoneza amene akungoyamba kuwerenga. Ngati mukulemba ŵ, onetsetsani kuti kachizindikiro kake katuluka, poti si font iliyonse ili nako. Sindikizani pepala limodzi kaye, mulimate pabolodi, mukaime kumapeto kwa kalasi. Ngati inuyo simukutha kuwerenga, kulitsani zilembozo.

Zithunzi zambiri za mu Canva n'zakunja. Pophunzitsa za chimanga, mtondo kapena nkhokwe, jambulani nokha ndi foni n'kulowetsa chithunzicho podina Uploads. Nkhope za ana musaziike popanda chilolezo cha makolo.

Mabatani opulumutsa nthawi

Dinani T, pabwera malo olembapo. R akupatsani bokosi, C bwalo, L mzere. Mukakonza khadi limodzi bwinobwino, lisankheni n'kudina Ctrl ndi D, libwera lina lofanana, inu n'kungosintha liwu. Mukalakwitsa, Ctrl ndi Z. Tsamba likatsekeka mwangozi, Ctrl, Shift ndi T zilibweza.

Bandulo ndi magetsi

Canva imasunga yokha ntchito yanu malinga ngati intaneti ilipo. Komabe musadikire tsiku la phunziro. Mukangomaliza, dinani Share, kenako Download, musankhe PDF, muisunge pa flash. Fayilo imeneyi imatseguka popanda intaneti, ndipo mutha kuitumizira anzanu a m'zoni pa WhatsApp. Ndi bwino kugawana: wina akonze makadi a Chichewa, wina a masamu, bandulo imodzi ithandize sukulu zingapo.

Ngati mwagwiritsa ntchito kompyuta ya pa TDC (Teacher Development Centre) kapena ya pamalo olipiritsa intaneti, browser ikafunsa zosunga password kanani, ndipo musananyamuke dinani Log out.