Njuchi, Mavu ndi Bemberezi: Kudziwa Zomanga Zisa Pakhomo

Ku Nsadzo, m'boma la Chifunde, midzi yambiri inagundizana ndi tchire la mombo. Mitengo ikachita maluwa, tizilombo ta mbola timachuluka pakhonde, m'nkhokwe ndi m'zigafa za fodya. Ambiri akangomva kulira kudenga amathamangira muuni wa udzu, koma pa nyumba yofolera udzu muuniwo ungapsereze nyumba yonse. Zambiri mwa zoulukazi sizifunika kuphedwa, ndipo mlimi angazisiyanitse poyang'ana thupi ndi chisa chake.

Njuchi

Njuchi ndi yaifupi, yaubweya, yofiirira ndi mizere yakuda, ndipo pobwera ku maluwa imanyamula mungu kumiyendo yakumbuyo. Imamanga malesa a phula pamalo obisika monga m'mphako, m'siling'i kapena m'ng'oma yakale. Chizindikiro chake ndi kabowo kamodzi komwe njuchi zimalowa ndi kutuluka tsiku lonse.

Njuchi yakunoyi, imene akatswiri amaitcha Apis mellifera scutellata, ndi yaukali poteteza ana ndi uchi wake. M'chaka cha 1956 katswiri wina, Warwick Kerr, anatengera njuchi za mtunduwu ku Brazil. Chaka chotsatira zina zinathawa, zinaswana ndi zakumeneko, ndipo pofika 1990 zinali zitalowa m'dziko la United States. Njuchi ikaluma munthu, mbola imatsalira pakhungu ndipo njuchiyo imafa, koma mbolayo imatulutsa fungo loitana zinzake. N'chifukwa chake mbuzi yomangidwa pachingwe kapena nkhuku zotsekeredwa m'khola zimafa msanga njuchi zikalusa.

Gulu la njuchi lomwe langounjikana panthambi ya mango lili paulendo. Lilibe ana kapena malesa oti liteteze, ndipo kawirikawiri limachoka lokha pakapita masiku ochepa. Mlimi wa njuchi angalikolole n'kuliika mumng'oma. Njuchi zimene zakhazikika m'khoma la nyumba ndizo zofunika kuchotsedwa, ndipo ntchitoyo ndi ya munthu wodziwa, wovala zodzitetezera, madzulo, ana ndi ziweto atazisuntha.

Mavu

Mavu ndi aatali, osalala, opyapyala kwambiri m'chiuno, ndipo pouluka miyendo imalendewera. Chisa chawo n'chotuwa, chopepuka ngati pepala, chifukwa amachipanga potafuna timinyatsi ta mitengo youma. Chimalendewera pa kamwendo kamodzi kunsi kwa denga kapena kwa tsamba la nthochi, zipinda zake zili poyera.

Mavu amaluma kangapo osafa. Komabe amadyetsa ana awo mbozi, choncho chisa chomwe chili kuseri kwa chigafa kapena m'mphepete mwa dimba chimathandiza kuchepetsa mbozi pa fodya, chimanga ndi ndiwo zamasamba. Chofunika kuchotsa ndi chapakhomo, cha m'chimbudzi kapena cha pamene ana amasewera. Chimachotsedwa chikadali chaching'ono, m'bandakucha kukuzizira, ndi mtengo wautali, popanda moto.

Mavu akuluakulu a ku Asia ndi ku Ulaya, a mtundu wa Vespa, omwe amaoneka pa zithunzi za m'mafoni, si akuno.

Mavu omanga ndi dothi

Timiphika ta dothi tomatidwa pakhoma kapena kuseri kwa chitseko ndi ntchito ya mavu okhala okha, opanda gulu. Wamkazi amaikamo akangaude kapena mbozi zomwe wazifoola ndi mbola, amaikira dzira, n'kumata. Satchinjiriza chisa, ndipo saluma pokhapokha atagwidwa m'manja. Kupala dothilo ndi khasu n'kokwanira.

Bemberezi

Bemberezi ndi wamkulu, wonenepa, wolira mokweza. Amaboola una wozungulira m'mapaso ndi m'nsanamira zouma, ndipo pansi pake pamagwa utuchi. Wamwamuna alibe mbola ngakhale amazungulira munthu moopseza, wamkazi amaluma mwa apo ndi apo. Amathandiza nyemba ndi mbewu zina kubereka, koma mauna akachuluka phaso limafooka. Kupaka utoto mitengo ya denga kumamulepheretsa kuboola.

Munthu akalumidwa

Njuchi zikalusa, munthu athamange molunjika ataphimba nkhope, alowe m'nyumba n'kutseka. Kudumphira m'madzi sikuthandiza, chifukwa zimadikira pamwamba. Mbola ichotsedwe msanga poipala ndi chikhadabo, pamalopo patsukidwe ndi sopo, n'kuikapo nsalu yonyowa. Amene watupa nkhope kapena lilime, akubanika, akuchita chizungulire, kapena walumidwa ndi njuchi zambiri, makamaka mwana, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Banja limene njuchi zakhazikika m'nyumba mwake lidziwitse mlangizi wa zaulimi wa m'dera lawo, kapena ofesi ya SDAE yoona zaulimi m'boma la Chifunde, kuti alilumikize ndi mlimi wa njuchi amene angazisamutsire mumng'oma kutali ndi nyumba, sukulu ndi makola.