Loya wodziwa kuyanjanitsa: zoyenera kudziwa musanasume mlandu

Anthu ambiri amene amafika ku maofesi a khonsolo ndi madandaulo a malo, ngongole kapena chuma chamasiye amafunsa kumene angapeze loya "wolusa", woti akagwetse mnzawo m'khoti. Luso lotsutsana pamaso pa woweruza n'lofunika ndithu, koma pali luso lina limene ambiri saliganizira: kuyanjanitsa anthu okangana.

Malamulo a chaka cha 2017 oyendetsera milandu yosakhudza upandu ku Bwalo Lalikulu amati milandu yambiri iyambe yadutsa kwa mkhalapakati isanazengedwe, ndipo mkhalapakatiyo amakhala jaji. Zokambirana zake ndi zachinsinsi. Mbali ziwirizo zikagwirizana, pangano lawo limakhala ndi mphamvu ngati chigamulo cha khoti. Choncho loya wodziwa kukangana kokha amafika pa gawo limeneli ngati mlimi wopita kudimba ndi nkhwangwa m'malo mwa khasu.

Tiyerekeze kuti kontrakitala wamanga nyumba ya munthu, koma mwininyumba akukana kumaliza malipiro ponena kuti denga likudontha. Mlandu wotere utha kutenga zaka. Nthawi yonseyo aliyense akulipira loya ndi thiransipoti, mtengo wa simenti ndi malata ukukwera, denga likudonthabe. Woweruza angagamule za ndalama, koma pokambirana awiriwa angathe kupangana kuti denga likonzedwe mwezi uno ndipo ngongole ibwezedwe pang'onopang'ono. Pa mikangano ya pachibale phindu lake n'lalikulu koposa, pakuti anthu amene atengerana kukhoti mawa adzakumanabe pamaliro.

Nanga bwanji osangofuna mkhalapakati wamba? Chifukwa loya wozolowera kuzenga milandu amadziwa kulemera kwa umboni wanu. Amatha kukuuzani mosabisa kuti zimene mnzanu akupereka zikuposa zimene mungapeze kwa jaji, kapena kuti akukunyengani. Nayonso mbali inayo imakambirana mwaulemu ikadziwa kuti zikakanika, loyayo sachita mantha ndi khoti.

Musanalembe loya, mufunseni ngati ali ndi chiphaso chogwirira ntchito chaka chimenecho, zomwe mungatsimikize ku Malawi Law Society. Mufunsenso kuti ndi milandu ingati yonga wanuwo imene anaithetsa pokambirana, komanso mmene amawerengera malipiro mlandu ukatha msanga. Amene alibe ndalama apite ku Legal Aid Bureau. Koma milandu ya kugwiririra ndi nkhanza kwa ana si yokambirana. Imeneyo ipite kupolisi.